Ubweya wa Tilekeni

Nkhupakupa sazula mothamanga. Ukathamanga mutu wake umatsalira m'khungu, pakapita masiku n'kutukusira. Ndiye ndinkazigwira imodziimodzi, kupotoza pang'ono, kuzula, n'kuponya m'kachitini ka palafini. Tilekeni, galu wathu, anali atatsamiritsa chibwano pabondo langa, maso atatsinzina. Ana ake, omwe anali asanatsegule maso, ankakwawa pamimba pake kufunafuna mawere. Tinali m'chigafa, mmene bambo ankamumangirira ndi tcheni pamzati wapakati chisiyireni kulima fodya.

Panja amayi ndi bambo anali atayambana kale.

"Mwamva nokha, a Mbewe. Mlangizi wa ziweto wazungulira mudzi wonse pa njinga yamoto. Loweruka, pabwalo la sukulu, katemera wa agalu, waulere. Chikukuvutani n'chiyani?"

"Galu wa Nowa, woyandikana nafeyu, anamubaya chaka chatha," anatero bambo. "Pita lero kwa Nowa ukaone. Amakugwedezera mchira ngati mlamu wako. Wakuba atabwera angamuperekeze mpaka kukhola. Jakisoni amaziziritsa magazi a galu. Ndipo wamkazi akabayidwa chiberekero chimauma."

"Anakuuzani ndani?"

"Maso angawa."

"Maso anuwo anaona chiberekero cha galu?"

"Nangondo, pakamwa pakopo padzakupweteketsa."

"Ngati n'kuuma, chiume, apumeko. Galu ameneyu wabereka kangati? Ana asanakhute bere mwamulanda, iye asanawongole msana mwakamumanganso kudambo. Nthiti zake mwana wa sitandade wani angaphunzirirepo masamu."

Amayi sankanama. Tilekeni akafika nyengo yake, bambo ankakamumanga pamtengo wa kudambo n'kumusiya komweko, kuti zigalu zikuluzikulu zoyendayenda zimupeze. Ana akabadwa, amuna ankagulidwa ndi Rodrick, mnyamata wogulitsa tiagalu m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, ena n'kupita kwa eni magolosale cha ku Dzaleka. Aakazi analibe msika. Amenewo bambo ankawaika m'thumba, ndipo kumene ankapita nawo sitinkafunsa. Anthu am'mudzi atayamba kudandaula za zigalu zimene zinkadzaza pakhomo pathu, bambo anawayankha ndi dzina la galuyo: Tilekeni. Ankaliitana mokweza dala, maso ali kunyumba za anzawo.

"Lenia uyo wafika folomu folo chifukwa cha chiberekero chomwecho," anatero bambo. "Yunifolomu, makope, mayeso, zonse zinatuluka m'chigafamo. Lenia, ndikunama?"

Ndinaweramira m'kachitini kanga.

"Waona? Mwana wophunzira sayankha zopusa."

Sikuti ndinalibe mawu. Mawu ndimakhala nawo ambiri, koma akafika pakhosi amafota ngati masamba a nkhwani padzuwa. Kusukulu aphunzitsi ankati ndimalemba ngati munthu wamkulu koma ndimayankha ngati ndili pansi pa bedi.

Ndikupapasa khosi la Tilekeni, zala zanga zinakhudza zipsera ziwiri pansi pa tcheni. Ndinakumbukira m'mawa umene bambo anabwera naye kuchokera kudambo khosi lili magazi. Anaseka tsiku limenelo, amvekere ndi mmene agalu amafunsirana. Koma sabata yomweyo amuna anapha nkhandwe pamjigo masanasana, imene inkayenda pakati pa amayi otunga madzi osaopa munthu. Zinthu ziwirizi ndinaziika pamodzi mumtima mwanga, kenako ndinazisiyanitsanso, poti pamodzi zinkandiopsa.

Loweruka amayi anandituma kuchigayo. Njira yake imadutsa pasukulu, ndiye ndinatula thumba pansi pa mtengo wa keshya n'kuima kumbuyo kwa anthu. Pabwalo panali phokoso ngati pamsika. Anyamata ankakoka agalu pa luzi ndi pa malamba a thalauza, wina atamunyamula wake pamapewa ngati mbuzi. Mlangizi, a Benjamini, munthu wamfupi wa ovolosi yobiriwira, ankabaya uku akulankhula.

"Galu si khasu loti ukatha kulimira n'kuliponya kuseri kwa nkhokwe. Amamva njala, amamva ludzu. Wamkazi musamuberekese nyengo iliyonse ngati chigayo. Ana akabadwa ayamwe miyezi iwiri asanachoke. Ngati simukufuna ana, bwerani tikambirane, njira zilipo, osati thumba ndi mtsinje. Gwira bwino mutuwo, iwe, ine zala zanga ndikuzifunabe."

"Nanga alangizi," anafunsa mkulu wina wa chipewa chamlaza, "kwathu kuli wina amaluma osauwa. Ndimubweretse?"

"Ameneyo, madala, katemera wake ndi chitenje chatsopano."

Anthu anafa nacho chiseko. Mayi wina anati mkuluyo ayambe wabayidwa yekha. A Benjamini anadikira phokoso lithe, nkhope n'kuisintha.

"Izi zokha musaseke. Galu akasintha khalidwe, akamaluma mitengo, dovu lili chuchuchu, mawu atasasa, musayandikire. Akaluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, nthawi yaitali, mpaka mkono utope. Mukatero thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe n'chachinyengo. Bala limapola bwinobwino pamwamba, icho chikuyenda mkati kulowera kumutu. Chisanafike, jakisoni amachitsekereza. Chikafika, munthu amaopa ngakhale madzi akumwa, ndipo palibe dokotala amene angamubweze. Ndaikapo ana m'manda ine, sindikunena zomva."

Ndikusenza thumba langa a Benjamini anandiona.

"Iwe si mwana wa a Mbewe? Agalu akwanu ali kuti?"

"Ali kunyumba."

"Abwera?"

Ndinayang'ana zala zakumapazi. Anandiyang'ana kanthawi, osakwiya.

"Mbewa yamanyazi idafera kuuna, mwanawe. Ukawauze bambo ako kuti ndikhoza kufika pakhomo pomwepo, asavutike n'kuyenda."

Uthengawo ndinauza amayi. Amayi anauza bambo. Bambo anati akadzafika adzamasula tcheni, aone ngati njinga yamoto imathamanga kuposa galu wosabaya.

Ana a Tilekeni anatsegula maso, anayamba kudzandira m'chigafa. Mng'ono wanga Luckness, yemwe anali atangoyamba sitandade wani, anasankhapo kamodzi kakakazi ka banga loyera pamphumi n'kukatcha Dontho. Ankadziwa za thumba lija, ndiye bambo akamayandikira ankakabisa m'diresi.

Kenako Tilekeni anasintha. Gaga amene ndinkamuphikira ankangomununkhiza. Anayamba kutafuna mzati mpaka mkamwa kuchucha magazi. Kauwidwe kake sikanali kake, kankatuluka ngati munthu akukoka chitseko chadzimbiri. Ana ake ankawanyambita ndi dovu lambirimbiri, kenako n'kuwakankha. Nditamuitana anandiyang'ana ngati sanandionepo.

"Amayi, galuyu sali bwino," ndinanong'ona.

"Wamkazi woyamwitsa amalusa," anayankha bambo, omwe anandimva ali pakhonde. "Mpaka pano sudziwa? Ndiye galu ameneyo. Ana ake adzakhala mikango."

Luckness ndinamuletsa kulowa m'chigafa. Koma mwana ndi mwana. Tsiku lina masana, ine ndikutsuka mbale, anaona kuti Dontho akulira pafupi ndi mayi wake ndipo anakwawa kukamutenga. Ndinangomva kukuwa. Nditafika ndinapeza wagwira mkono, magazi akutuluka pakati pa zala. Mano anali atalowa pamwamba pa chigongono.

Bambo sanachedwe. Anatenga mphanda n'kupanikiza khosi la Tilekeni pansi, anadula ubweya wakumchira ndi mpeni, anauwotcha paphale mpaka unasanduka phulusa lakuda. Phulusalo analisakaniza ndi timafuta n'kulitikita pabalapo, Luckness akuphupha m'manja mwa amayi.

"Basi, zatha," anatero akupukuta zala. "Ululu wa galu umabwerera ku ubweya wake. Agogo anga ankatero, bambo anga ankatero. Ine ndemwe ndinalumidwapo pamwendo apa, ndinafa?"

"Galu amene anakulumaniyo ankatafuna mizati?" anafunsa amayi.

"Nangondo."

"Ndikufunsa. Tipite naye kuchipatala mwanayu."

"Kuchipatala akafunsa chiyani? Galu ngwa yani, anabayidwa liti, ali ndi ana angati. Mawa lake Benjamini ali pano ndi anthu ake, tiana tonseti atenge. Rodrick akamva, sadzapondanso pakhomo pano. Ndiye tidzadya chiyani, malangizo? Za m'nyumba muno zithere m'nyumba muno. Wofunsa muzimuuza kuti ndi waya."

Bambo atapita kudimba ndinamutengera Luckness kuseri kwa bafa ndi ndowa ndi sopo wochapira. Ndinatsuka phulusa lonse, ndinatsukanso, madzi n'kutha, ndinakatunga ena. Analira mpaka mawu anatha. Ndinamanga kansanza koyera, pamwamba pake n'kupaka mwaye wa pamphika kuti bambo aziti mankhwala awo alipo. Kumeneko ndiye kunali kulimba mtima kwanga konse: kuseri kwa bafa.

Tilekeni sanakhalitse. Miyendo yakumbuyo inayamba kukana, chibwano chinalendewera, ndipo m'mawa wina tinamupeza atauma, mutu uli pamzati umene ankautafuna. Bambo anamukwirira kuseri kwa chigafa, pamwamba n'kuunjikapo mapesi. Anati ndi Nowa wamuthirira tameki chifukwa cha nsanje. Tcheni chija anachimasula, anachitsuka, n'kumangira njinga yathu pamzati womwewo ndi loko. Kiyi anamuika m'thumba la malaya.

"Mukumanga njinga ngati iluma?" anafunsa amayi.

"Ndikudziwa zimene zili m'mutu mwakomo."

"A Mbewe, galu wafa. Simukuonabe? Pakadafunda padajiwitsa galu. Tikungokhala pano kuwotha dzuwa, mwana ali ndi mano a chinthu chakufa m'thupi."

"Bwera kuno, Laki. Onetsa amako mkonowo."

Luckness anamasula kansanza. Bala linali litauma bwino, nkhanambo ili pamwamba.

"Ukuona? Chipatala chako chikanapoletsa chonchi? Wapola ndi ubweya. Ukafuna kukandichititsa manyazi kwa anamwino, pita, koma ukatuluka pachipata upitirire mpaka kwanu ku Ntchisi. Pano unabwera pachitengwa, usaiwale."

Amayi anagwira mkono wa mwanayo. Kwawo kunalibenso munda wawo, ndipo malume anali atamwalira. Anayang'ana balalo nthawi yaitali, ndipo ndinaona nkhope yawo ikufewa. Ankafuna kukhulupirira. Madzulo ake tikusenda nyemba anandifunsa osandiyang'ana.

"Koma lapoladi, eti Lenia? Mwina Mulungu watichitira chifundo."

"A Benjamini anati limapola pamwamba pokha."

"Ndiye ukanawauza bambo ako. Iwe ndiwe wasukulu. Ine akuti ndine wolongolola, mawu anga anazolowereka ngati kulira kwa nkhuku."

Chimene ndinkachita n'chakuti m'mawa uliwonse, masana, madzulo, ndinkatunga madzi m'chikho n'kumupatsa Luckness, ine n'kuima pomwepo kuyang'ana pakhosi pake akumeza. Akameza, mtima wanga unkatsika pang'ono, mpaka nthawi ina yomupatsanso.

"A Lenia, mimba yadzaza," ankadandaula. "Mukufuna ndisanduke chule?"

"Imwa pang'ono pokha."

"Inuyo bwanji simukumwa?"

Ankaseka, n'kuthamangira kukasewera fulaye ndi anzake, kansanza kakuuluka pamkono. Ine ndinkatsala ndi chikho m'manja, ndikuganiza za chinthu chimene chinkayenda mwakachetechete ngati ine ndemwe, osauza munthu, kulowera kumutu.

Rodrick anabwera tsiku la msika, dzuwa litakwera. Anaimika njinga yamoto pansi pa mango, kumbuyo atamanga katoni yoboola mabowo. Anali wa magalasi akuda ndi nsapato zoyera zosayenera fumbi lakwathu.

"Madala, fakitale ikuyenda? Mayi, mwaswera? Sisi wosalankhula uja alipo? Ndikadzafuna mkazi ndidzatenga ameneyu, m'nyumba muzidzamveka wailesi yokha."

Bambo anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inalili. Anatulutsa tiagalu m'chigafa n'kutiika pamphasa. Tiagaluto tinali titaonda chifukwa chosowa bere, tikulira timawu tating'ono. Rodrick anagwada, ankatinyamula pachikopa chapakhosi, kutitembenuza, kutiyang'ana mkamwa. Kena kanamugwira chala, iye n'kuseka.

"Aka ndiye kolusa. Akutenga ndi madamu ena a ku Area 25, ana awo akhala akuvuta kuti akufuna kagalu kogona nako pampando. Ulendo uno ndipatseninso kakakazi kabangako, pali wina akufuna kuyamba kuweta. Nanga mayi wake ali kuti? Sindinamumve kuuwa."

"Ndamubwereketsa kwa mphwanga, akulondera mbuzi," anatero bambo.

Luckness, atamva za kabanga, anathamanga n'kumutola Dontho, kumukumbatira pachifuwa. Kagaluko kanayamba kumunyambita pachibwano.

"Nanga kamkono aka kachita chiyani, Laki?" anafunsa Rodrick.

Luckness anayang'ana bambo. "Ndi waya," anatero, mmene anamuphunzitsira.

"Lenia, tenga katoniyo uziike," anatero bambo. "Umulande mwanayo kagaluko."

Ndinapita. Dontho ndinamuchotsa m'manja mwa Luckness, ndinamuika pamphasa, n'kupukuta chibwano cha mwanayo ndi chitenje changa. Katoni sindinaikhudze. Ndinamva mawu akufota pakhosi monga mwa masiku onse. Ndinayang'ana mulu wa mapesi kuseri kwa chigafa. Kenako ndinayang'ana pakhosi pa Luckness.

"Si waya," ndinatero.

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma pabwalo panali zii, moti onse anamva.

"Wati chiyani?" anafunsa bambo.

"Si waya, achimwene a Rodrick. Anamuluma ndi Tilekeni. Ndipo Tilekeni sali kwa bambo aang'ono. Ali pansi pa mapesi apo. Anafa akutafuna mzati, dovu lili pakamwa. Tiana iti ankatinyambita mpaka tsiku lomaliza."

Rodrick anayang'ana chala chake. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kuchipukutira pathalauza.

"Madala, zoona zimenezi?"

"Wapenga mwanayu. Lenia, lowa m'nyumba."

"Sindilowa, Bambo."

"Ukundiyankha ine? Pamaso pa mlendo?"

"Ndakhala osakuyankhani moyo wanga wonse, ndipo munkati ndi nzeru. Sizinali nzeru, anali mantha. Zipsera zapakhosi pake ndinaziona ine. Nkhandwe ya pamjigo ndinaiona ine. Zimene a Benjamini ananena ndinazimva ndi makutu angawa, n'kubwera nazo kuno kudzazibisa kuseri kwa bafa. Bala la Laki silinapole ndi ubweya. Ubweya ndinautsuka tsiku lomwelo, chakuda munkaonacho ndi mwaye wa pamphika. Ndipo kupola kwake sikutanthauza kanthu. Chinthucho chili mkati, chikuyenda."

Bambo anadzuka pampando. Dzanja lawo linakwera, ndipo ndinatsinzina, koma sindinasunthe. Mbama sinafike. Nditatsegula maso ndinapeza akuyang'ana Luckness, amene anali atagwira chitenje changa, maso ali pa wina ndi mnzake, osamvetsa. Amayi anali atalowa m'nyumba. Anatuluka atamanga mpango kumutu, kabuku kakuchipatala kali m'manja.

"Galu ameneyu ndi amene anakuphunzitsa," anatero bambo. Mawu awo anali atatsika. "Wayiwala? Lero ukutseka pakhomo pamene unadyera?"

"Sindinaiwale, Bambo. Nkhupakupa zake ndinkazula ndine, nthiti zake ndinkaziwerenga ndine. Anabereka mpaka kutha kuti ine ndikhale m'kalasi, ndipo sitinamupatse ngakhale jakisoni waulere. Ndiye sukulu imene anandilipirirayo igwire ntchito lero. Tiana iti sitipita kwa ana a eni ake. Tikhala m'chigafa chotseka mpaka a Benjamini atationa, ndipo ndikawaitana ndine. Inunso achimwene, chala chanucho mukachionetse."

Ndinatambasula dzanja. Ndinalisiya chitambasulire.

"Laki akumezabe madzi, Bambo. M'mawa uno wamwa, ndamuona. Mawa sindikudziwa. Ndipatseni kiyi wa njinga. Mukakana ndimubereka kumsana, ndipo aliyense amene ndikumane naye panjira akandifunsa, sindinena kuti ndi waya."